Loretta M'buluku la a Wapampando

Alamu anga a Dwight Halvorsen anazula mano a anthu a m'tauni ya Brisco kwa zaka zambiri, ndipo atapuma pantchito anangosamukira m'kamwa mwa nsomba. Anakwatira achemwali anga a Marlys, ndiye zochita zawo ndinkazionera pafupi. Anali wapampando wa kalabu ya owedza nsomba zotchedwa tilawuti, anthu a zipewa zodula amene amagwira nsomba, kujambulitsa nayo, n'kuibwezera m'madzi kuti mnzawo adzaibayenso mawa. Iwo amati kumeneko ndiye kukonda nsomba.

Mtsinje wa Tolliver umafika kwathu kuno ukadali wozizira kuchokera kumapiri, koma ukangodutsa mlatho umayamba kufunda ndi kuda. Kumtunda kuli tilawuti ndi a kalabu, amene nyambo yawo ndi tintchentche tabodza tomanga ndi nthenga. Kumunsi kuli milamba ndi anthu ngati Lonnie Pruitt, wowotcherera zitsulo, amene amakhala pachidebe, kukoleka nyongolotsi kumbedza, ndipo chimene wagwira amakadya. Magulu awiriwa ankakumana pa dziwe la pansi pa mlatho, osapatsana moni.

M'dziwe limenelo munkakhala Loretta, tilawuti yaitali ngati mkono wa mwamuna wamkulu, yamathothomathotho, ya nsagwada yokhota chifukwa cha mbedza. Dzinali anamupatsa ndi a Wendell Sorby, mlembi wa kalabu, pokumbukira mkazi wawo woyamba, amenenso akuti anawatengera zonse n'kumapita. Aliyense wa m'kalabu anali ndi chithunzi atanyamula Loretta, ndipo zithunzizo zinkapachikidwa pakhoma m'lesitilanti imene ndimagwiramo ntchito. Anthu osiyanasiyana, nsomba imodzimodzi, kukamwa kukunka kung'ambikirang'ambikira chaka ndi chaka. Wosowa pakhomapo anali wapampando yekha. A Dwight ankati iwo sawedza kuti aonekere, koma akabwera kudzamwa khofi ankakhala chofulatira khomalo.

Chaka chimenecho mwezi wa Ogasiti kunatentha koopsa. Utsi wa nkhalango zopsa unaphimba mapiri, mtsinje unaphwera mpaka miyala kuonekera, madzi n'kukhala ofunda ngati osambitsira khanda. Madzi akatero tilawuti sichedwa kufa ikalimbana ndi mbedza, choncho boma linaletsa kuwedza dzuwa likangopendeka. Zikwangwani zoletsazo anakhoma okha a Dwight, ndipo pansi pake anawonjezerapo malamulo awoawo: nyowetsa manja usanaigwire, usaifinye, ndipo ukaitulutsa m'madzi iwenso usapume mpaka utaibwezera.

Loweruka lomaliza la mweziwo kunali pikiniki ya kalabu yotsekera chilimwe, pabwalo la kumtunda pang'ono kwa mlatho. M'mawa wa tsikulo a Dwight anandiimbira foni kuti ndiwaperekeze kudziwe. A Marlys anali atakana, ati atopa ndi kujambula mwamuna wawo atanyamula mphepo. Ine sindinali pantchito, ndiye ndinavomera.

Ndinakhala pamwala ndi foni yanga, iwo n'kulowa m'madzi atavala buluku lawo la mphira lofika pachifuwa, lija la malamba a m'mapewa. Anaponya, anaponyanso, anasintha kantchentche, anaponyanso. Ndinali nditayamba kusinza pamene ndinamva akuitana dzina langa ndi mawu amene ndinali ndisanawamvepo. Ndodo inali itapindika ngati uta. Pakati pa dziwe Loretta anadumpha kamodzi, nsagwada yake yokhota ikuonekera bwinobwino, n'kugweranso m'madzi kuti phava.

Ulusi wa a Dwight unali woonda ngati tsitsi, chifukwa iwo amati ulusi wokhuthala ndi wa anthu osaphunzira. Ndiye sakanatha kukoka mwamphamvu. Anapotana nayo nsomba ija, ikapita kumtunda iwo pambuyo, ikabwerera iwo pambuyo, mpaka ndinamaliza sangweji yanga ndi yawo yomwe. Pamene ankamulowetsa m'kaukonde, Loretta anali atagona cham'mbali, akupuma mobanika.

"Jambulani, mlamu. Jambulani msanga."

Ndinajambula. Anapempha kuti aone, ndipo anapeza kuti chipewa chaphimba nkhope. Tinabwereza, mimba yawo inaoneka kwambiri. Tinabwerezanso, anatsinzina. Kenako anakumbukira kuti nsomba imaoneka yaikulu ukaitambasulira kutsogolo, kenako kuti mlatho uyenera kuoneka kumbuyo kuopa anthu angadzati ndi nsomba ina.

"Alamu, kodi inuyo mukupuma?" ndinawafunsa.

"Chimodzi chokha, Darla. Chopingasa."

Atamubwezera m'madzi, Loretta anagadabuka, mimba yoyera kuloza kumwamba. A Dwight anamugwira mchira n'kumamukankhira kutsogolo ndi kumbuyo monga ankaphunzitsira ena. Anamuyendetsa m'mphepete monsemo ngati munthu amene akuperekeza chidakwa kunyumba. Anamunong'oneza. Anamutsegula kukamwa n'kusuzumiramo, mwina mwa chizolowezi cha ntchito yawo yakale. Akangomusiya, mimba m'mwamba. Ndinawauza kuti nsombayo yafa. Anandiyankha kuti ine si dokotala, ndipo ndinawakumbutsa kuti iwonso anali wa mano chabe.

Tikulimbana choncho tinamva galimoto ikukwera pamlatho. Inali pikapu ya a Wendell, itanyamula mipando ndi makala owonjezera a kupikiniki. A Dwight anayang'ana uku ndi uku. Kumusiya Loretta, akanayandama pamaso pa mlembi, mimba kuli mbee, n'kukakocheza pachidebe cha Lonnie. Tchire linali patali. Ndinangoona akoka buluku pachifuwa n'kuponyamo nsomba ija, mutu pansi. Inatsetserekera m'mwendo wakumanzere, mchira n'kutsalira cha m'chiuno.

A Wendell anaimitsa galimoto, anawerama pachitsulo cha mlatho n'kufunsa ngati kwakodwa kanthu.

"Palibe," anatero a Dwight. "Madziwa afunda kwambiri. Ndangoti ndisazivutitse nsombazi."

A Wendell anagwedeza mutu, ati akanakhala kuti onse ali ndi mtima wa a wapampando, bwenzi mtsinjewu uli wina. Anatiuza kuti tikwere, moto wayaka kale ndipo anthu akudikira mawu a wapampando. A Dwight anati ayambe athamangira kunyumba akasinthe. Mlembi anakana, ati palibe chosangalatsa mamembala kuposa kuona mtsogoleri wawo akuchokera kumtsinje madzi akudontha. Vuto linali loti mwendo wakumanzere sunkapindika. Ine ndinakhala kutsogolo, a Dwight n'kuimirira kumbuyo pakati pa mipando atagwira denga, ndipo tinalowa pabwalo ngati wandale akufika pamsonkhano. Anthu anaomba m'manja.

Panali mahambaga, chimanga chowotcha, mavwende ndi mowa wa m'ayezi. Nsomba panalibe, chifukwa ku kalabu imeneyi kudya tilawuti kuli ngati kudya wachibale. A Dwight ankayenda chokoka mwendo, ndipo aliyense wofunsa ankamuuza kuti ndi bondo. Anawapatsa mpando, anakana. Anawapatsa mbale, anakana. Thukuta linkatsika m'khosi n'kumalowa m'buluku, komwe mphira inali itatentha ngati tayala la galimoto.

Ndinkaganiza kuti alankhula mwachidule. Ayi ndithu. Munthu atangoima patsogolo pa anthu anaiwala zonse. Anafotokoza mbiri ya kalabu, anatchula omwalira mmodzimmodzi, kenako anafika pa nkhani yoti dzanja lokonda mtsinje silipha. Apo n'kuti galu wa a Wendell atafika kale. Ananunkhiza nsapato, ananunkhiza bondo, n'kukhala pansi moyang'anizana ndi mwendo wakumanzere, dovu likuchucha. A Dwight akasuntha, galu asuntha. Posakhalitsa zinafika ntchentche, zenizeni osati za nthenga, n'kumazungulira pachifuwa pawo pomwe buluku limathera. Iwo ankazikupiza ngati akutsindika mfundo.

A Marlys, amene anabwera ndi saladi ya mbatata, anasendera pafupi. Anakwinya mphuno, anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana utsi kumapiri. Anthu ali mkati moomba m'manja, a Marlys anawagwira mkono amuna awo.

"Tiyeni kunyumba, bambo. Bondo lanuli layamba kununkha."

Tinamutulutsira m'galaji. Loretta anatuluka ali wofunda, atakhota molingana ndi mwendo wa wapampando. A Dwight anafuna kumukwirira kudimba pansi pa matimati, ndi mawu pang'ono otsanzika. A Marlys anati m'nyumba mwawo sakwirira ndiwo. Anamutsuka, anamununkhiza, anagamula kuti sanaonongeke, anamupaka ufa n'kumukazinga mu batala. A Dwight anaima pazenera atatifulatira, ati iwo sangathe. Ife tinayamba kudya. Patapita kanthawi anakoka mpando, ati angolawa kuti imfayo isakhale yopanda pake. Anadya akuchotsa minga mwaluso, ndipo atamaliza anawonjezera.

Ine ndinkayesa kuti nkhani yathera pomwepo. Koma ndikutuluka ananditsatira mpaka pagalimoto n'kundipempha motsitsa mawu kuti ndiwatumizire chithunzi chopingasa chija. Ndinawauza kuti pa chimenecho nsombayo inali itatsirizika kale. Anati ndi chokhacho chimene iwo anaoneka bwino.

Sabata yotsatira anabwera nacho ku lesitilanti chili mufelemu, n'kuchipachika pakati penipeni pa khoma. Munthu aliyense wowedza amadziwa kuti diso la nsomba yamoyo limagwera pansi ukainyamula, pomwe la yakufa limangoti tong'o. Diso la Loretta linkatong'olera aliyense wolowa pakhomo. Mamembala ankafika, kuyang'ana, kutsokomola pang'ono, n'kupita kukawagwira chanza a wapampando.

Seputembala anatha Loretta osaoneka m'dziwe. Kalabu inaitanitsa msonkhano m'chipinda chakumbuyo cha lesitilanti ija, ndipo wothira khofi ndinali ine. A Dwight anaimirira, anavula magalasi, n'kunena kuti akukhulupirira kuti Loretta anadyedwa. Anati sakufuna kutchula maina, koma aliyense akudziwa anthu amene amakhala pazidebe pansi pa mlatho. Anapempha kuti kalabu ikadandaule ku boma kuti dziwe limenelo likhale la nyambo za nthenga zokha, nyongolotsi ayi, kutenga nsomba ayi.

Ndinaika ketulo patebulo.

"Kudyedwa anadyedwadi," ndinatero. "Tinamudya atatu kwa achemwali anga, ndipo a wapampando anawonjezera."

Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa zithunzi mpaka pa galu. Palibe anadabwa. Wina ankayang'ana zikhadabo zake, wina denga. A Dwight anafiira mpaka m'makutu koma sanakhale pansi. Nditamaliza, a Wendell anandithokoza mwaulemu, n'kukumbutsa anthu kuti ine si membala, komanso kuti nkhani imene ili patsogolo pawo si yoti Loretta anamudya ndani, koma ya mmene angatetezere mtsinje. Bambo wina anakweza kapu kupempha khofi wina. Kenako anavota, ndipo manja onse anakwera, kuphatikizapo la wopempha khofi uja, kapu ili m'manja.

Boma linavomera chaka chotsatira, chifukwa a kalabu amadziwa kulankhula ndi boma. Lonnie ndinamuuza ndekha nkhani yonse atabwera kudzadya mazira m'mawa wina. Anaseka mpaka kutsamwa, anapukuta misozi ndi chipewa.

"Ife nsomba timaipha kamodzi basi, mayi," anatero. "Koma zigawenga ndife."

Iye ndi anzake anasamukira kumunsi kwenikweni, kuseri kwa fakitale ya shuga, komwe udzudzu umaluma ngakhale masana ndipo njira yake ndi yamatope. Akulu ena amiyendo yofooka anangosiyiratu kuwedza. Lonnie nthawi zina amandibweretsera mlamba wokulunga m'nyuzipepala.

A Dwight anawasankhanso kukhala wapampando popanda wopikisana nawo. Kundilankhula anasiya. Pa Khirisimasi tinakhala moyang'anizana patebulo la achemwali, ndipo chilichonse chimene ankafuna cha mbali yanga ankadzera kwa akazi awo. Awauze achemwali awo apatsire buledi, awauze achemwali awo apatsire nyemba. Atafika pa msuzi, a Marlys anaika foloko pansi n'kuwauza kuti iwo si foni. A Dwight anaganiza pang'ono, anaimirira, anazungulira tebulo lonse n'kudzatenga okha mbale ya msuzi pafupi ndi chigongono changa.