Nthambi za Maliro pa Chitunda cha Bundabunda

Tisauke sankafuna kumva za galimoto. Galimoto ndiyo idamudyera mwamuna wake Ezron kumapiri a Manenekera, lole ya chimanga itataya mabuleki, ndipo bokosi lidabwera lokhomakhoma, osamulola ngakhale kuona nkhope. Ndiye pamene Lyford, mwana wake wamwamuna mmodzi yekhayo, adafika ku Bundabunda mkati mwa sabata atavala ovolosi ya mafuta, n'kunena kuti Loweruka akayendetsa pa mpikisano wa magalimoto, mayiyo adaika lichero pansi n'kumuyang'ana ngati wanena kuti akufuna kudzimangirira.

Zonsezi adayambitsa ndi mwini galaja wa ku Lusaka kumene Lyford ankagwira ntchito. Bwanayo adagulira ana ake tigalimoto ting'onoting'ono topanda denga, toti munthu akakhalamo matako amatsala pang'ono kukhula pansi. Lyford ankangotikonza. Tsiku lina adakweramo kuti ayese injini, n'kuwasiya ana a bwanawo m'fumbi. Bwana wopanda chisoniyo m'malo momukalipira adaomba m'manja. Basi, mwana wa mkazi wamasiye n'kuyamba kulota.

"Amama, onse amene ayendetsa pa mpikisano ukulu anayambira pa tumotoka tuja," adatero Lyford uku akudya mbatata. "Manje abwana anipatsa motoka yeniyeni, yofiira. Nikachita bwino anganitume na ku Kenya."

"Atate ako naonso anali na abwana," adayankha Tisauke. "Pa maliro sin'nawaone."

Lyford adaseka ngati wamva nthabwala. Adatola kamtengo n'kujambula msewu m'dothi, kumuonetsa mayi ake kuti mpikisanowo udutsa pamudzi pawo pomwe.

"Tizapita m'mawa, masana tizabwerera njira imodzimodzi. Muzanione pa chitunda cha pa chulu paja. Paja sitichepetsa, Amama. Motoka iuluka. Suona vili kutsogolo, ungokhulupirira kuti mu msewu mulibe munthu."

"Ungokhulupirira."

"Ni m'mene ayendetsera onse."

Tisauke adafuta chojambulacho ndi phazi.

Lachinayi, Lyford atabwerera kale ku Lusaka, adamwalira a Jonas Chishimba, Mbemba yemwe adapuma ntchito ku migodi n'kudzapempha malo olima pamudzipo. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lowotcha ngati lakwiya, ndipo thupi silikanadikira kupitirira Loweruka. Manda ali kutsidya kwa msewu. Kuti anthu akafikeko amayenera kutuluka m'kanjira ka m'munda, kulowa mumsewu kumunsi kwa chitunda, n'kuyendamo kamtunda ndithu asanakhotere kunkhalango.

Loweruka m'mawa magalimoto adadutsa. Tisauke anali kukhitchini ya pamaliro ndi amayi anzake, ndipo atamva kulira kwa injini adakhala pansi n'kudzitseka makutu ndi chitenje. Ana adabwera akufotokoza kuti yofiirayo yadutsa ngati mphenzi. Fumbi litakhazikika, anyamata adatumidwa kukadula nthambi zamasamba n'kuziyala mumsewu, kuyambira pachitunda mpaka pokhotera kumanda. Umu ndi mmene timachitira. Woyendetsa aliyense akaona nthambi amadziwa kuti pali maliro, amachepetsa liwiro, wanjinga amatsika, wachipewa amavula.

Tisauke adaona anyamata akubwerako ndi zikwanje. Adasiya mthiko n'kupita kwa a Greenwell, tcheyamani wa chipani pamudzipo, amene ankayendetsa mwambo wonse atavala jekete lawo la misonkhano.

"Ba tcheyamani, mamotoka aja azabweranso masana. Ananiuza Lyford."

A Greenwell sadamuyang'ane n'komwe.

"Ku ofesi anatiuza kuti ni m'mawa. Imwe amake Lyford, mwadziwa kupambana ofesi?"

"Nadziwa vimene ananiuza mwana wanga. Akuti pa chitunda saona kutsogolo."

"Taika masamba. Mu Zambia muno mulibe motoka ingapite pa masamba a maliro osachepetsa. Na ya bwanamkubwa yomwe imachepetsa. Bwererani ku mapoto."

Masiku amenewo munthu sunkatsutsana ndi tcheyamani pagulu. Fetereza ankadzera mwa iye, khadi la chipani lomwe unkalowera nalo mumsika linkadzera mwa iye. Tisauke adabwerera kukhitchini. Adayesa kuuza Mainess, mnzake wa m'kwaya, koma Mainess adangoti, "Mayi, mantha ako ni a Ezron aja, sakutha." Adayesa mkulu wa mpingo, mkuluyo n'kuloza kwa a Greenwell.

Dzuwa litapendeka pang'ono, nyimbo idayamba. Bokosi lidatuluka m'nyumba pa mapewa a amuna. Kutsogolo kunali mtanda, kenaka amayi a nkhata zamaluwa, pambuyo pa bokosi Clotilda, mkazi wa malemuyo, atagwiridwa uku ndi uku. Mudzi wonse udatsatira, ndi ana omwe kumisana. Tisauke ankayenda pambali akutchera khutu chakummawa. Kunali zii. M'maso mwake ankangoona chinthu chimodzi: galimoto yofiira ikutulukira pachitunda matayala ali m'mwamba, pansi pake mudzi wonse ukuimba, ndipo wogwira chiwongolero ndi mwana amene iye adamuyamwitsa.

Atatsala pang'ono kufika kumsewu, adakumbukira kuti iye ndi wa kuchigawo cha kummawa ndipo wakufayo ndi Mbemba. Pakati pa mitundu iwiriyi pali chimbuya. Pa maliro a Mbemba, wa kummawa ali ndi ufulu wonyoza, wopaka anthu ufa, wotsekereza bokosi, ndipo palibe amene amaloledwa kumukwiyira, ngakhale tcheyamani. Tisauke chimbuya sankachikonda. Chimwalirireni Ezron sadasekepo pa maliro a munthu. Koma adathamangira kukhitchini, natapa ufa m'mbale, n'kudutsa m'mphepete mwa munda mpaka kupitirira mtanda. Pamene kanjira kamalowera mumsewu, pakati pa mitengo iwiri ya minga, adadzigwetsa chopingasa.

"Apa sapita," adatero mokweza. "Uyu Mbemba anabwera kuno na chola chimodzi, wadya nyemba zathu mpaka mimba. Lero afuna kuthawa osatsanzika?"

Anthu adaseka. Nyimbo idaduka. Onyamula bokosi adaima.

"Yayamba mbuya," adatero wina kumbuyo.

Tisauke adadzuka n'kuwaza ufa kumaso kwa mlongo wa malemuyo, wina pa jekete la a Greenwell. Adanena kuti Abemba adya anyani, ndipo Jonas akaikidwa pafupi ndi nkhalango anyani onse asamuka. Mlongo uja adabwezera kuti akummawa atha mbewa m'minda ya eni. Kuseka kudakula. Tisauke ankalankhula chilichonse chobwera m'kamwa, makutu ali kumsewu. Kunali zii.

Nthabwala ili ndi malire ake. Patapita nthawi kuseka kudachepa. Onyamula adasinthana mapewa, kenaka adasinthananso. Ntchentche zidayamba kuzungulira bokosi. Ana ankalira ndi dzuwa.

"Chakwana, amake Lyford," adatero a Greenwell akudzikuntha ufa. "Mwaseketsa, manje patukani."

"Sin'natsirize. Chimbuya chilibe tcheyamani."

Adakhala pansi n'kukumbatira mwendo wa mmodzi mwa onyamula. Apo ndi pamene Clotilda adadzichotsa m'manja mwa omugwira, nabwera kudzagwada pafupi naye. Maso ake anali otupa.

"Mbuya wanga," adatero motsitsa, akuchonderera m'Chibemba, "napapata. Ba Jonas ayamba kununkha. Usanichititse manyazi pa anthu."

Mawu amenewo adamulasa Tisauke kuposa chipongwe chilichonse. Bwanji ngati Lyford ankangodzitama? Bwanji ngati adasintha njira? Akanakhala mkazi amene adawoletsa mwamuna wa mnzake padzuwa chifukwa cha mantha ake. Koma manja ake adakana kumasuka.

"Clotilda, ni mamotoka," adanong'ona. "Sinisewera."

A Greenwell adakodola anyamata awiri kuti amunyamule. Adamugwira m'khwapa, iye akupalasa miyendo m'dothi, chitenje chikumasuka. Wonyamula mtanda adaponda mumsewu. Amayi a nkhata adayambanso nyimbo.

Woyamba kumva anali galu, yemwe adathawira m'munda mchira uli pakati pa miyendo. Kenaka phokoso lidamveka kuseri kwa chitunda, likukula mofulumira moti wonyamula mtanda adangokwanitsa kubwerera chafutambuyo n'kugwera pa amayi. Galimoto yoyera idatulukira pamwamba pa chitunda matayala onse ali m'malere, idatera pa nthambi zija, n'kuzimwaza ngati nkhuku ikupalasa. Miyala idawaza pa bokosi. Pamene anthu ankatsegula maso, idali itapita kale, kwatsala fumbi ndi fungo la petulo.

Anyamata aja adamusiya Tisauke. A Greenwell anali chiimire, pakamwa pali pululu, akuyang'ana masamba ophwanyika.

"Sanachepetse," adatero, ngati akudziuza okha.

Idadutsa yachiwiri, yabuluu, chimodzimodzi. Anthu adabwerera m'mbuyo mpaka m'mizere ya munda, bokosi n'kuikidwa pansi pa mtengo.

Tisauke akanayenera kupuma, koma mantha ena adamugwira. Oyendetsa awiriwo anali alendo, masamba kwa iwo ndi zinyalala. Lyford sanali mlendo. Pa maliro a atate ake, iye yemweyo, ali kamnyamata, ndiye adakoka nthambi n'kuziyala pamsewu womwewu. Akaziona phazi lake lidzapita lokha pa buleki. Ndipo adanena yekha kuti pachitunda paja sachepetsa.

"Chotsani masamba!" adakuwa, akuthamangira mumsewu.

Adakoka nthambi imodzi n'kuiponya m'ngalande. Adakoka yachiwiri. Zambiri zidali kumtunda, pamwamba penipeni pa chitunda. Adayamba kukwera, koma a Greenwell adamugwira m'chiuno n'kumukokera kumbali ndi mphamvu zonse, onse awiri n'kugwera m'udzu. Phokoso linali litafika kale.

Idali yofiira.

Tisauke adaiona ikutulukira, ndipo adamva chimene ankaopa: injini idasiya kukuwa, matayala n'kuyamba kulira. Galimoto idatera chammbali. Idatembenuka kumbuyo kukhala kutsogolo, idakhula msewu, n'kudumpha ngalande. Idagunda chulu ndi nthiti, idadzuka ndi matayala awiri ngati ikuganiza zogubuduka, kenaka idabwerera pansi ndi mkokomo. Fumbi lidaphimba zonse.

Sadadziwe kuti adawoloka bwanji msewu. Adangopezeka akumenya chitseko chopindika ndi manja, akuitana dzina limene sadamuitanepo mwanayo chikulireni, dzina la kumudzi kwa agogo ake. Kumbali inayo kudatuluka mnyamata wina wa ku galaja, Langford, yemwe ankakhala pambali kumuuza woyendetsa njira. Ankatukwana m'zilankhulo zitatu.

"Wapondera chani buleki, iwe? Msewu unali bwino! Tinali pafupi kumugwira wa buluu!"

Lyford adatulukira pawindo pang'onopang'ono. Dzanja lamanzere lidali lende, magazi akutsika pamphuno. Adaima, nayang'ana nthambi, nayang'ana anthu ali mbuu m'munda, naona bokosi pansi pa mtengo. Ndi dzanja labwinolo adamasula chisoti chake cholimba cha mpikisano n'kuchivula.

"Amama," adatero, "amwalira ndani?"

Tisauke adamumenya mbama. Dzanja lidali likadali ndi ufa, ndipo zala zonse zidatsala zoyera pa tsaya la mwanayo. Kenaka adamugwira malaya pachifuwa n'kukanika kumusiya.

Magalimoto otsala adadutsa anthu ali m'munda. A Greenwell okha ndiwo adakwera pachitunda kukachotsa nthambi zotsala, jekete lili mbuu, osayang'ana munthu. Yomaliza, ya akuluakulu a mpikisano, idaima, ndipo adati atumiza lole yodzakoka yofiirayo ndi kutenga wovulala. Lyford adati adikira aike kaye maliro.

A Jonas adaikidwa dzuwa litatsika. Lyford adaima kumbuyo, dzanja litamangidwa ndi duku la Mainess. Langford ankamunong'oneza kuti injini ili bwino, chongofunika ndi chitseko ndi tayala, ndipo pali mpikisano wina mvula ikatha. Tisauke adaona mmene Lyford adapendekera mutu kuti amve bwino.

Chisoti chija chidali m'manja mwa Tisauke. Adachiika pansi pakati pa amayi n'kuchikhalira. Clotilda, pobwera kothira dothi, adadzakhala pambali pake n'kutsamira paphewa lake.

Lole itafika, Lyford adabwera n'kugwada.

"Amama, chisoti ni cha abwana."

"Abwere atenge okha," adatero Tisauke. "Nifuna niwaone pa maliro."

Ndipo sadasunthe.