Kamera Yozima Masana

Kamera ija inkazima masana okhaokha, dzuwa likafika paliwombo. Ikangozima, foni yanga inkayamba kulira.

"Rukiya, wazimitsanso! Walowetsa ndani m'nyumbamo?"

Amenewo ndi aTwalibu, amuna anga. Iwo ali ku Joni, ine ndili kuno ku Nsanama ndi mwana wathu Sofia, koma mawu awo ankandipeza ngakhale ndili pamtondo.

Chiyambi cha zonsezi chinali makina anga osokera, amene anandisiyira malemu mayi anga. Akalekale, opalasa ndi mapazi, mwendo umodzi wa tebulo lake ndinaumanga ndekha ndi waya wofiira utathyoka. Tsiku lina ndinapita kumaliro kwa Chikweo. Pobwera ndinapeza loko ali bwinobwino pachitseko, koma makina mulibe. Ndinalira ngati mayi amwaliranso kachiwiri. ATwalibu pafoni anati, "Tonthola, ndikutumizira kamera. Wakuba sadzapondanso pamenepo."

Ine ndinapempha yaing'ono, yongoyang'ana kumsewu. Iwo anasankha yotembenuza mutu, yokhala ndi khutu ndi pakamwa pomwe, yoti munthu ali ku Joni azikuona, azikumva ndi kukukalipira. Anabwera nayo ndi alamu anga aAkimu, mng'ono wawo. Pakatoni panajambulidwa makamera awiri, ndiye ndinafunsa kuti inayo ili kuti. "Inasweka panjira, alamu," anatero. Anaikhoma pakhonde, diso kuloza pakhomo panga, osati kumsewu iyayi. Kabokosi kopereka intaneti anakapanikiza pansi pa malata kuti Sofia asakafikire.

Ha, kuyambira pamenepo ndinasanduka wandende pakhomo panga pomwe. Wogulitsa tomato akaima, khoma linkayankhula: "Ndani ameneyo?" Amalume anga enieni anafunsidwa chimene akufuna. Ndikavala chitenje chatsopano, "Ukumuvalira ndani?" Kangaude akaluka pagalasi, ndine wokwera pampando kukapukuta. Bandulo ikatha, ndine wothamanga. Ndinkasamala mlonda wondilonda ndemwe, tangoganizani!

Kutentha kwa Okutobala kutayamba, m'pamene inayamba kuzima. Tsoka lake inali nthawi yoti Sofia sanabwere kusukulu. Ndinayesa zonse. Kuzimitsa ndi kuyatsanso, kupukuta sola, kugula bandulo ina, kugwedeza mawaya, koma ayi ndithu. Dzuwa likapendeka inkayaka yokha, ngati ikundiseka.

ATwalibu sanafune kumva. Anaimbira ankhoswe kuti ndimazimitsa dala pofuna kulowetsa mwamuna, ndipo Lachisanu anthu akatuluka kumzikiti akhale pansi, iwo apereke talaka, mawu othetsa ukwati, pafoni. Nkhani inafika kumjigo ine ndisanafikeko. Amayi ankangoti akandiona, "Abwera ozimitsa magetsi aja." Ine, mwana wa mayi anga, amene ndakhala zaka ndikugona ndi mwana yekha! Ukwati unkatha, dzina langa n'kuipa, chifukwa cha kachitsulo kopanda nzeru.

Ndinatenga mpeni, kumasula kamera ija, kutsitsa kabokosi, kukulunga zonse m'chitenje. Ndinakwera minibasi mpaka pa Liwonde, ina mpaka pa Balaka, kwa Elsie, mayi wina wokonza mafoni ndi kugulitsa makamera pafupi ndi msika.

Elsie analumikiza kamera pamagetsi, ikuyaka bwinobwino. Atatsegula kabokosi kaja anagwira pakamwa. Batire linali litafufuma ngati chitumbuwa.

"Mayi, kameneka kamakhala pati?"

"Pansi pa malata."

"Mayo ine! Ndiye mumakaotchatu. Kakatentha kamadzizimitsa kokha, kakazizira kamadzuka. Kamera ilibe mlandu, inunso mulibe mlandu."

Wallahi, ndinafuna kumupsompsona m'manja. Anaika batire lina, koma kuti aone ngati chithunzi chikufika ankafunika kulowa mu pulogalamu ya kamerayo pafoni, ndipo pasiwedi inali ndi eni ake. Ndinawaimbira. Ndisanamalize moni anali atayamba kale, kuti ndachotseranji kamera, ndili ku Balaka ndi ndani. Ndinangopatsira Elsie foni. Anawafotokozera za malata, iwo n'kuseka kuseka kwachipongwe. "Chabwino, lembani pasiwediyo. Muikonze, tione kuti mawa anamizira chiyani."

Mkwiyo umaiwalitsa. Anaitchula yonse.

Elsie atalowa, pafoni panatuluka timazenera tiwiri. Koyamba kanalembedwa kuti Rukiya, ndipo ndinaona nkhope yanga yomwe ndi denga la shopu. Kachiwiri kanalembedwa kuti Fauziya. Elsie anafuna kuphimba ndi chala, ine ndinamulanda foni.

Linali khonde la nyumba ina, yopaka laimu. Pakhondepo panali mayi wachitsikana, khanda kumsana, ataweramira makina osokera, akupalasa. Ndinayang'ana pansi pa tebulo. Waya wofiira uja, mfundo zake zomwe ndinamanga ndi manja angawa.

Kamera yosweka panjira ija ndi imeneyi! Wakuba wosathyola loko uja ndi aAkimu, amene ndinkawasiyira makiyi ndikachoka! Mitala ndikuidziwa ine, amayi anga aang'ono ali pamitala. Koma mwamuna weniweni amakuuza pamaso. Sakubera makina a malemu mayi ako kukakometsera khomo lina, kenako n'kukukhomera diso pakhomo kuti hule ndiwe.

"Poyankhulira ndi pati?" ndinafunsa.

Elsie anazengereza, koma analoza. Nditadina, kamera ya uko iyenera kuti inalira kaye, chifukwa mayi uja anadzambatuka ine ndisanatsegule pakamwa. Anakonza mpango kumutu, manja pachifuwa, kuyang'ana m'mwamba.

"Bambo a Tasha, sindinaikhudze ine. Dzulo inazima yokha, ndikulumbira."

Ndinali nditakonza mawu oti amuyabwe mpaka chaka chamawa, koma anandithera pakhosi. Kaimidwe kameneko kanali kanga. Kulumbira kumeneko kunali kwanga.

"Si bambo a Tasha," ndinatero. "Ndine Rukiya wa ku Nsanama, mkazi wa aTwalibu. Makina mukusokerawo ndi a mayi anga."

Anakhala pansi pasimenti. Anati aTwalibu anamuuza kuti iwo ndi ine tinasiyana kalekale, ndipo makinawo anagula ku Limbe. Ndinamufunsa kumene amakhala, anatchula kuseri kwa chigayo china cha konkuno ku Balaka. Asanamalize, chithunzi chinaima, kenako mdima. Ndinasuzumira panja. Dzuwa linali paliwombo.

Ndinapita pa kabaza. Sindinamumenye, sindinamutukwane, ngakhale m'njira monse ndinkafuna. Anali atapukuta kale makina aja, akulira, ulusi wake atachotsa. Ndisanachoke ndinakwera pampando, kupisa dzanja pansi pa malata ake, kutulutsa kabokosi kotentha ngati mbatata yootcha. Ndinamuuza kuti azikaika pamthunzi, ngati akufunabe kulondedwa. Zimenezo ndi zake. Makinawo ndinabwerera nawo ku Nsanama.

Lachisanu ankhoswe anasonkhana pakhonde panga, makina ali pakati. AAkimu maso anali kudothi, ngati ataya singano. Foni anaiika pampando kuti aTwalibu amve, ndipo aTwalibuwo anayamba ndi zoti mwamuna ali ndi ufulu, zoti ine ndine wamwano, zoti ndinalowa m'zinthu zosandikhudza. Ndinawadula. Amalume anandigwira mkono, ndinaukutumula.

"Talaka ija mumandiopseza nayo ija, bweretsani. Ndikuifuna ndine. Malo ano ndi a mayi anga, inu munabwera ndi chikwama chimodzi."

Chikwamacho ndinachipeza pansi pa bedi. Ndinalongedzamo mikanjo yawo, nsapato za pa Idi ndi jekete limene ankalikonda lija, n'kukachiika pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu. Ndinauza aAkimu kuti akachifuna atenge. Mpaka lero manyazi sanawalole.

Kamera ndinaikhomanso ndekha. Kabokosi kali pawindo, pamthunzi, ndipo diso ndinaliloza kumsewu, kumene ndinapempha poyamba paja. Mutu wake ndinaumanga ndi waya kuti aTwalibu asautembenuzire kwa ine. Sinazimeponso ngakhale kamodzi, Elsie amadziwa ntchito.

Dzana kunagwa mvula yoyamba, yamkuntho. Ndili pakhonde ndikusoka yunifolomu ya Sofia, khoma linayamba kukuwa.

"Rukiya! Chikwama chikunyowa! Rukiya, ndikuona ndi maso angawa, lowetsa chikwamacho!"

"Mukuona bwino eti?" ndinafunsa. "Ndiye londerani."

Ndinaika phazi pachopalasira, makina a mayi anga n'kuyamba kulira, mpaka mawu aja osamvekanso.