Mkono Winawo

Ndinabadwira ku Ndirande. Kukhala malo amodzi sinditha. N'chifukwa chake mu 1974 ndinayamba kuyendetsa galimoto ya akatemera. Lero Phalula, mawa Ulongwe. Fumbi mpaka m'mano.

Bwana wanga anali a Blasius, obaya jakisoni. Kumbuyo kwa galimoto tinkanyamula bokosi la ayezi.

"Jasten, imika pamthunzi," anandiuza titafika kwa Kalembo. "Muli zamoyo umu. Zikafa ndi dzuwa ndiye kuti tabwera kudzabaya ana ndi madzi."

Mawuwo anagwera m'khutu mwa mayi wina pamzere. Dzina lake Kulusumu. Anali ndi mapasa, Nafisa kumbuyo, Lukiya pachifuwa. Ofanana moti bambo awo omwe ankati akaitana uyu, n'kunyamula uyo.

"Adokotala, mwati zamoyo?"

"Eya, mayi. Kachirombo ka chifuwa chachikulu, koma kofooka. Kogululidwa mano."

"Ndiye mundiikire matenda mwa ana? Iyayi. Awiri ndinaika kale m'manda ndi chibayo."

Wa yufi wina wa chipani anasendera pafupi. "Mayi, mukukana chitukuko?"

"Achimwene, tatiwongolerani mzere uko," anatero a Blasius. Iye anapita monyinyirika.

 Kulusumu anamasula chitenje.

"Bayani mmodzi. Akapita, wina anditsalire."

Anapereka Nafisa.

Mvula inabwera. Misewu inasanduka phala. Tinatsekeredwa pa Balaka, ine n'kumangozungulira pa siteshoni, kuchitira nsanje sitima. Kwa Kalembo tinabwerera chimanga chitakhwima.

Kulusumu tinamupeza pansi pa mtengo wa mango. Ndinawerenga mitu. Iwiri. Koma kufanana kuja kunatha. Nafisa wonenepa, kachipsera paphewa. Lukiya khosi ngati bango.

"Chibayo chinalowa m'mudzi," anatero mayiyo. "Chinawagwira onse, pamphasa imodzi. Wachipserayu anatsokomola pang'ono, n'kubwerera kubere. Uyu ndinathamanga naye kuchipatala ashehe atayamba kale kumuchitira pemphero la duwa. Tsono mundiuze. Munati jakisoni wanu ndi wa chifuwa chachikulu. Chibayo anachidziwira kuti?"

A Blasius anakanda kumutu.

"Kusukulu sanatiphunzitse zimenezo. Mwina zangochitika. Koma si inu oyamba kundifunsa."

A Blasius analoza kumunda. Pansanja panakhala bambo wina, chitini m'manja.

"Akulu aja akulondera chiyani?"

"Aja ndi bambo awo a anawa. Akulondera anyani."

"Nanga ikabwera nguluwe, aisiya?"

"Aisiye bwanji, ali maso kale? Kupatula akakhuta n'kugona."

A Blasius anaseka. "Ine ndimaganiza kuti thupi nalo limatero. Kachirombo kamoyo kamalidzutsa. Likadzuka silifunsa wakuba dzina. Koma ndikuganiza chabe, mayi. Lonjezo langa ndi la chifuwa chachikulu basi."

Kulusumu anayang'ana Lukiya.

"Wofooka chonchi, kachiromboko sikamugwetsa?"

A Blasius anamvetsera pachifuwa cha mwanayo. Anamugwira pamphumi.

"Wachira. Angathe kubayidwa. Koma mwana ndi wanu."

Dzuwa linali litapendeka. Ku Ulongwe ankatidikira. Masiku onse pa nthawi ngati iyi ine ndimakhala nditaliza kale injini. Tsiku limenelo makiyi anakhala m'thumba.

Mayiyo anavula mwana kamalaya. Pang'onopang'ono. Anatchula dzina la Mulungu chapansipansi.

"Bayani. Koma mkono winawo."

"Lamulo limati mkono womwewo, mayi."

"Lamulolo ndi limene lizidzawasambitsa? Uyu akanenepa afanananso. Ine ndidzawasiyanitsa bwanji?"

A Blasius anayang'ana jakisoni. Anayang'ana ine.

"Jasten, kaone matayala."

Ndinapita. Matayala anali bwinobwino. Ndinawagogoda onse, kuphatikiza lapadera.

Kuseri kwa galimoto Lukiya analira. Mokweza, ngati mwana wamphamvu.