Mzere wa Makala

Madzi analowa m'nyumba mwa Rabson mwaulemu ngati mlendo woleredwa bwino. Anayamba aima pabwalo, kenako anakhala pakhonde, ndipo ataona kuti palibe wowathamangitsa, anadutsa pansi pa chitseko n'kukhazikika pabalaza. Zaka zina mtsinje wa Nambuma ukasefukira unkangonyambita madimba n'kubwerera. Chaka chimenechi unabwera ndi mphasa yake.

Anthu ambiri a m'mudzimo anasamukira kusukulu ya pamtunda, kumene ankagona mothithikana m'makalasi. Rabson anakana. Anati madzi olekeza m'akakolo sasamutsa munthu wamkulu. Mwana wawo Tabita anamutumiza kwa Kelvin, mchimwene wa mkazi wake, amene nyumba yake inali ya njerwa zootcha ndiponso ya maziko okwera. Rabson ndi mkazi wakeyo, Enelesi, anatsala.

Anakweza bedi pamiyala. Matumba awiri a chimanga anawapachika kumitanda ya denga, nkhuku zinadzisankhira zokha pamwamba pa kabati, ndipo mbaula inakwezedwa udindo n'kukakhala patebulo. Enelesi ankaphika ataimirira m'madzi mpaka zala za kumapazi zinayera n'kuyamba kusuwa. Chimbudzi chinali chitagwa, mjigo utamira. Anthu ozingidwa ndi madzi mbali zonse ankatchera mabeseni panja kuti apeze akumwa.

M'mawa uliwonse Rabson ankatola khala pambaula n'kujambula mzere pakhoma, pamene madzi alekeza. Poyamba mizere inkakwera ngati makwerero. Kenako inaima pamalo amodzi, ndipo iye anayamba kungodetsa mzere womwewo.

Khomalo linali la zidina, ndipo silinakhale la zidina chifukwa cha umphawi. Rabson kwawo kunali ku Nsaru. Kuno anabwera chikamwini. Ali mnyamata anaona amalume ake akubwerera kumudzi atanyamula khasu ndi bulangete basi, atasiya nyumba ya malata kuchikamwini mkazi wawo atamwalira. Anaphunzirapo phunziro limodzi, ndipo analisunga bwino kuposa onse a kusukulu. Chaka chimene Kelvin ankaumba njerwa anamupempha kuti aphatikize mphamvu, awotche uvuni umodzi waukulu wokwanira nyumba ziwiri. Rabson anaseka n'kunena kuti mlendo ndi mame. Onse anaseka, ndi Enelesi yemwe, amene anali ndi pakati pa Tabita.

Kuyambira pamenepo, fodya akagulitsidwa, phindu lake linkakwera njinga kupita ku Nsaru. Kumeneko kunadzuka nyumba ya njerwa zootcha, ya malata, ya simenti pansi. Rabson ankati ndi ya amayi ake. Amayiwo anamwalira asanalowemo, koma iye anapitirizabe mpaka kuika magalasi m'mawindo. Enelesi sanafunsepo kanthu. Ankangozira pansi pa nyumba yawo ya zidina ndi dothi lakuda, n'kukongoletsa m'mphepete mwa khoma ndi loyera. Rabson ankaganiza kuti munthu wosafunsa ndiye kuti sakudziwa.

Tsiku lina mvula itapumira, Kelvin anatulukira akuyenda m'madzi, buluku atapinda mpaka m'ntchafu, ndodo ili m'manja.

"Odi eni dziwe!" anakuwa ali pabwalo. "Alamu, mwayamba kuweta milamba pabalaza osatiuza abale anu?"

"Idakali yaing'ono, alamu," anayankha Rabson ali pabedi. "Ikakula tidzakuitanani, koma mchere mudzabwere ndi wanu."

Kelvin analowa, namupatsa mlongo wake kathumba ka makala ouma. Kenako anadinikiza chala pakhoma, cha m'munsi. Chalacho chinalowa ngati mumbatata yophika.

"Khoma ili lapsa, alamu. Lingofunika kupakula. Tiyeni kwathu, malo alipo."

"Ndikagone m'nyumba mwa alamu anga ngati mwana wamasiye? Onani mzere wanga uwo. Madzi aima. Chikaima chimabwerera."

"Achemwali, inu mukuti bwanji?"

Enelesi anapitiriza kukupiza moto. "Ine ndili pomwe pali nyumba yanga," anatero.

Rabson anamva mawuwo ngati omuchemerera.

Dzuwa linawala masiku otsatira, ndipo apa m'pamene panabuka chinthu chimene chinamuzunguza mutu. Pabwalo panali mtengo wa mango umene ankamangirirapo mbuzi, ndipo chingwe chinasiya chipsera pathunthu lake. Chipseracho chinali chitamira, koma tsopano chinaonekera, ndipo mawa lake pansi pake panaonekanso khungwa lonyowa lokwana chikhatho. Pamtengo madzi ankatsika. Pakhoma anali pamzere womwe uja, osasuntha.

Rabson anaganiza kuti mwina madzi a m'nyumba atsekeredwa, choncho anakumba kangalande pakhomo. Sizinathandize, pakuti madzi a m'kati ndi a panja anali amodzi kalekale. Anaganiza kuti mwina maso ake ayamba kunama. Anafika mpaka poganiza kuti mtengo wa mango ukukula. Anaima pakhomo, mwendo wina m'kati wina panja, akuyang'ana uku ndi uku ngati munthu woweruza mlandu wa anthu awiri amene onse akunena zoona.

"Mayi a Tabita, tabwerani muone zodabwitsa. Madzi amodzi angatsike panja n'kukana kutsika m'nyumba?"

Enelesi anayang'ana mtengo, nayang'ana mzere. Sanachedwe.

"Kodi dzulo chitseko chija munachipala chifukwa chiyani?"

"Chimakanirira. Matabwa akanyowa amatupa."

"Nanga mutu wanu unayamba liti kugunda thumba la chimanga mukamadutsa? Mwatalika eti, bambo a Tabita?"

Rabson anagwira pamutu pake, nayang'ana kudenga.

"Madzi akutsika ndithu," anatero Enelesi. "Nyumba ikutsika nawo. Mzere wanuwo ukungowaperekeza."

Anatulutsa katundu mwachangu. Kelvin ndi anzake awiri anabwera kudzathandiza: chimanga pamutu, bedi pamapewa, nkhuku m'dengu zikudandaula. Anaunjika zonse pachulu cha kuseri kwa chigafa cha fodya, pamalo okhawo ouma. Dzuwa litapendeka, nyumba inagwa. Panalibe phokoso lalikulu. Khoma la kum'mawa linagwada, linzake linatsatira, denga la udzu linakhala pamwamba pake ngati chipewa, ndipo madzi anasanduka ofiira.

Chodabwitsa n'chakuti mumtima mwa Rabson munali kachimwemwe kena. Zaka zonsezi anali kukonzekera tsiku lopanda pogona, ndipo tsikulo linali litafika n'kumupeza wokonzeka. Anadikira kuti Kelvin atalikire, kenako anasendera kwa mkazi wake, amene anakhala pathumba la chimanga akupukuta mapazi ndi chitenje.

"Musadandaule, mayi a Tabita. Msewu ukauma tipita ku Nsaru. Nyumba ilipo, ya malata, youma bwinobwino. Mwaona ubwino wake woganizira za mawa?"

Enelesi anamaliza kupukuta phazi lina, nayamba linzake.

"Nyumba ya amayi ija?"

"Eya, yomwe ija. Tsopano ndi yathu."

"Bambo a Tabita, mwana akamabisa chinthu kumbuyo, timangokhala chete kuti asachite manyazi. Nyumba ija munamangira tsiku limene ine ndidzafe, kapena limene tidzakuthamangitseni. Ine ndili moyo, ndipo palibe wakuthamangitsani. Ndiye ndikalowemo ngati ndani?"

"Si choncho. Inu mukudziwa zimene zinawachitikira amalume."

"Ndikudziwa. Ndakhala nawo m'nyumba amalume anuwo chilowereni banja. Ndimawaphikira, ndimawachapira. Ndimazira pansi pa nyumba ya munthu amene anamanga kale katundu wake." Anaimirira n'kukonza chitenje. "Njerwa za Kelvin zija mukanavomera, lero tikanangokolopa matope. Pitani mukagone pouma. Mwavutikira."

Anasenza dengu la mbale, nalowa m'madzi kulunjika kwa mchimwene wake. Rabson akanatha kumutsatira. Pakhonde pa Kelvin panali malo. Koma anaona kuti akamutsatira ndiye kuti wavomera mlandu, ndipo anaganiza kuti mkwiyo wa mkazi uli ngati madzi, ukaima umabwerera. Msewu utauma, anakolola fodya amene anapulumuka, nakwera kabaza wa ku Nsaru, akunena kuti akukangoona ngati nyumba sinadonthe.

Sinadonthe. Inali nyumba yabwino kwambiri. Mvula yomaliza ya chaka inagunda malata ake, osalowa ndi dontho lomwe, ndipo Rabson anaimvera ali yekha m'chipinda chimene mawu ake ankabwerera akatsokomola. Anadikira kuti wina abwere kudzamuitana. Kenako anadikira kuti apeze mawu oyenera kukanena. Mawu sanabwere, koma chilimwe chinabwera.

Pamapeto pake anabwereka hamala, nakwera padenga, nazula malata onse. Anthu a kwawo anaima pansi akugwedeza mitu. Malatawo anawakweza pangolo yobwereka ndipo anayenda nawo tsiku lonse m'fumbi kubwerera kuchikamwini.

Atafika anapeza uvuni wa njerwa utapsa kale, utaphwasulidwa mbali imodzi. Chakumtunda pang'ono kwa pamene panali nyumba yakale, makoma a njerwa zofiira anali atafika m'mawindo. Kelvin anali pamwamba ndi chipande cha matope.

"Alamu!" anakuwa. "Milamba ija inakula?" Koma sanadikire yankho, ndipo sanatsike.

Tabita anathamangira bambo ake n'kuwakumbatira m'chiuno. Enelesi anatuluka kuseri kwa khoma, manja ali matope. Anasamba m'chidebe, natenga mpando n'kuuika pamthunzi wa mango, pafupi ndi chipsera cha chingwe chija. Rabson atakhala, iye anagwada chapatali, naomba m'manja mofatsa, monga amachitira kukabwera a mpingo kapena ogula fodya.

"Takulandirani," anatero. "Kunyumba mwasiyako bwanji?"

Rabson anayang'ana ngolo. Malata ankang'anima padzuwa, chingwe chake chisanamasulidwe, ng'ombe zikupumira m'mwamba.

"Kuli bwino," anayankha. "Kaya kuno?"