Telala M'nkhalango Yofiira

Mwana wanga wamkazi ankafuna kuti nditseke shopu. Dokotala wa maso atangonena kuti chifunga chimene ndinayamba kuona sichidzachokanso, mwanayo anayamba kundikonzera chipinda kwake, pafupi ndi bafa, ngati ndine wodwala wosatha kudzuka. Ine telala, amene ndinasoka madiresi a ukwati a anthu oti lero ali ndi zidzukulu!

"Amayi, mutu umodzi susenza denga," anatero.

"Dengalo ndi langa, mwanawe. Ndikupita kunkhalango ndekha. Ndikabwerako udzadzionera wekha ngati ndafika posungidwa."

Anandibwereka tenti ndi chikwama chake chapamsana nkhope ili ndwii.

Inali nyengo imene masamba amasintha mtundu n'kuyamba kuyoyoka. Mlonda wa pachipata cha nkhalangoyo anandichenjeza kuti tinjira ta m'katimo timasokoneza, ndiye ndizisiya chizindikiro pamphambano iliyonse. Ndinamuonetsa thumba la zigamba zimene ndinatola pansi pa makina osokera. Ndinali nditasankha zofiira ndi zachikasu zokhazokha, chifukwa m'shopu mwanga n'zimene zimaoneka ngakhale magetsi atazima.

Ndinamanga tenti pafupi ndi kamtsinje, ndipo kutacha ndinalowa m'kati mwa nkhalango. Pamphambano iliyonse ndinkamanga chigamba panthambi yolingana ndi phewa langa, pakuti munthu ndimayamba kumuyeza paphewa.

Mitengo ya m'menemo ndi yakale moti umachita manyazi kuponda mwamphamvu. Makungwa ake ndi okwinyika, ndere zawakuta mpaka m'mwamba, ndipo pansi pamanunkhira mvula ya makedzana. Chizolowezi sichidziwa tchuthi: ndinatulutsa tepi kuti ndiyeze chiuno cha mtengo wina, koma inathera panjira.

"Pepani akuluakulu, saizi yanu ndilibe," ndinauuza.

Masamba ankagwa mosafulumira, ena n'kuima kaye m'malere ngati aiwala kumene akupita. Maso anga sankatha kulekanitsa tsamba ndi linzake. Zonse zinali nsalu imodzi yaikulu yolendewera kuchokera kumwamba, yofiira apa, yagolide apo, kuwala kukudontha pakati pake. Chiyambire vutoli, aka kanali koyamba kuti chifunga changa ndichikonde.

Masana ndinakhala pansi, kutsamira muzu waukulu, tulo n'kundiba. Ndinalota mitengo itafola pakhomo la shopu yanga, uliwonse utanyamula masamba ake akugwa, ukupempha kuti ndiusokererenso. Ndinkasoka osatopa, ulusi ukulowa wokha m'singano, mitengo ikuwerama pakhomo kuti ilowe. Wina unadandaula kuti manja ndafupikitsa.

Ndinadzuka masamba atandifunda mpaka m'mawondo, dzuwa litapendeka, kamphepo kozizira katayamba. Ndinabwerera mpaka pamalo pamene tinjira titatu timakumana, n'kuyamba kufunafuna chigamba changa. Kumanja kofiira, kumanzere kwachikasu, kutsogolo zonse ziwiri. Mayi wanzeru ine, ndinabweretsa zigamba zofiira m'nkhalango yofiira! Ndinaseka ndekha, koma kusekako sikunachedwe kusanduka mantha.

Foni inali m'thumba. Ndikanangoimba, mwana wanga akanafika ndi mlonda uja, tochi m'manja, ndipo nkhani ya shopu ikanathera pomwepo. Sindikanakhalanso ndi pakamwa.

Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinatsinzina, pakuti maso ankangondinamiza, ndinakweza dzanja kulingana ndi phewa, n'kuyamba kupapasa nthambi za pakanjira koyamba. Masamba ouma ankafumbutuka m'zala, onyowa ankandimata kuzizira. Panalibe kanthu. Pakanjira kachiwiri munga unandilasa ndipo ndinautukwana. Kenako zala zinagwira chinthu chofewa chimene sichinafumbutuke, chokhala ndi m'mphepete modulidwa ndi sizasi, timaulusi tikusomphoka. Ndinachidziwa nthawi yomweyo: chinali chotsala cha diresi ya mphunzitsi wina wokonda kutsutsa tepi yanga.

Ndinatsegula maso. Chigambacho chinali m'dzanja langa, pafupi ndi mphuno, koma sindinkachiona. Ndinkangoona kufiira kopanda malire. Ndinaima pomwepo n'kulira, kulira kwenikweni kumene ndinakana kulira kwa dokotala, masamba akundigwera pamutu mwaulemu.

Mphambano zotsalazo ndinazidutsa chimodzimodzi, dzanja patsogolo, ndikumasula zigamba zanga chimodzichimodzi. Phokoso la kamtsinje linandilandira kusanade. Ndinakhala pakhomo la tenti n'kuimba foni.

"Amayi! Muli bwino? Mitengo mwaiona?"

"Ndaiona, mwanawe, mmene ndaionera. Unkanena zoona. Maso apita."

Ndinamva akufwenthera.

"Ndibwere ndidzakutengeni?"

"Ayi, njira ndaipeza ndekha, ndibweranso ndekha. Kwa dokotala uzindiperekeza, sindikananso. Koma Lolemba ndikutsegula shopu."

"Muzisoka bwanji, amayi, musakuona?"

Ndinayang'ana manja anga. Nawonso sindinkawaona bwino, koma ndinkamva pamene munga unalasa.

"Ubwere ndi nsalu yako, ndidzayambire iwe."