Dzina la Kamtedza M'manja mwa Mlamu

Botolo la chiponde lidabwera pa minibasi ya m'mawa kuchokera ku Lilongwe, litakulungidwa m'majumbo awiri. Adalitumiza ndi mwini golosale wina yemwe kwa zaka zisanu ankagula katundu wa gulu la amayi la Kamtedza, la ku Dzoole. Susana Chisale, wapampando wa gululi, atatsegula chivindikiro adabwerera m'mbuyo atagwira mphuno. Pamwamba padali mafuta onunkha, pansi phala lotuwa lokhala ndi madontho obiriwira a chuku. Ngakhale nkhumba ikadanunkhiza n'kubwerera. Koma pabotolopo padamatidwa pepala lofanana ndendende ndi lawo: dzina la Kamtedza ndi chithunzi cha lichero la mtedza.

M'jumbomo mudalinso kakalata: "Anthu akuti akugula izi pa tsamba lanu la pa intaneti. Ngati mwayamba zoterezi, kwathu musabweretsenso katundu."

Susana sadavutike kuganiza. Zaka zitatu zapitazo, amayiwa atafuna kuti azidziwika pa intaneti, adatuma mlamu wake Benjamini, mwamuna wa mng'ono wake Tabita, kuti akawalembetsere dzina. Benjamini ndi wogula mbewu pa Mponela, ndipo m'banja lonse ndiye yekha adali ndi laputopu. Ntchito itatheka, amayi adamuimbira nyimbo, namupatsa tambala. Palibe ndi mmodzi yemwe adafunsa kuti pa malo a mwini dzinalo walembapo ndani. Kwathu kuno kupempha mlamu kuti akuonetse mapepala kuli ngati kumutchula wakuba, ndiye aliyense adangomeza funso lake.

Tsiku lomwelo Susana adakwera kabaza mpaka pa Mponela. Zimene adaona kuseri kwa sitolo ya mlamu wake zidali zonyansa. Mtedza adali atauviika m'madzi kuti usavute kusenda, kenaka n'kuuunjika wonyowa pakona, pomwe udayamba kuola. Ndowe za makoswe zidali mbwee pa matumba. Makina operera adali ndi litsiro la miyezi, ntchentche zili ng'waa, ndipo patebulo padali mulu wa mapepala a Kamtedza osindikiza kumene.

"Alamu, zimenezi n'zodyetsa anthu?" adafunsa Susana.

"Takhalani pansi kaye, mlamu," adatero Benjamini akutokosa m'mano. "Anthu a m'tauni sadziwa kusiyanitsa. Akangoona dzina, basi amagula."

"Dzinalo ndi lathu!"

"Lanu? Pa intaneti dzina ndi la amene adalembetsa. Kafufuzeni, mukapeza Benjamini. Nyimbo zanu zija sizidalembedwe paliponse."

Madzulo ake Benjamini adamutumiziranso Susana uthenga wa mawu pa foni, wopanda ndi manyazi omwe. Adati dzinalo atha kubweza ngati gulu livomera kumagula mtedza wake wonse, wabwino ndi woola womwe, komanso kumuika kukhala mkulu wa zogulitsa.

Nkhani itamveka kumudzi, malume ake a Susana, a Kalebe, adabwera ndi nzeru zawo. Bambowa ndi aja amati akamva fungo la mkangano amathamangira kukwirira, osafunsa kuti chaola n'chiyani.

"Iwe Susana, usatichititse manyazi," adatero. "Benjamini ndi mkamwini wathu. Ukamutengera kwa akuluakulu, banja la mng'ono wako litha, ndipo anthu adzaloza iwe. Sinthani dzina, muzingoti Kamtedza Watsopano. Kodi dzina amadya?"

"Amalume, amayi makumi atatu amadyera dzina lomweli," adayankha Susana. "Ana awo ali pasukulu chifukwa cha dzina lomweli. Tikasintha, iye azipitiriza kudyetsa anthu zoola, ndipo otukwanidwa tikhalabe ife."

Amayi ena a m'gulu adali ndi maganizo otentha. Adati angopita onse pa Mponela akagwetse makinawo m'ngalande. Susana adawaletsa, ngakhale kuti mumtima mwake maganizowo adamukomera ndithu. M'malo mwake adapita ku Dowa boma kukaonana ndi mayi Diana Mbewe, mlangizi wa magulu a zamalonda, yemwe adaphunzirako malamulo oteteza mayina ndi zizindikiro za katundu.

Mayi Mbewe adamvetsera uthenga wa Benjamini kawiri, akupukusa mutu. "Uthenga uwu musaufufute, mayi Chisale. Wadzimangirira yekha. Koma ndikufunseni, dzina la Kamtedza mudalilembetsa ku ofesi ya boma ngati chizindikiro cha malonda anu?"

"Ayi. Tinkati aliyense akudziwa kuti ndi lathu."

"Apo ndiye mudalakwitsa. Mukadakhala ndi chikalata chimenecho, ntchito ikadachepa. Komabe simudagwe. Amene amalembetsa dzina pa intaneti amavomera malamulo, ndipo pali anthu oikidwa kuti aziweruza mikangano yotereyi popanda kupita kukhoti. Mumalemba dandaulo, iyenso amapatsidwa mpata woyankha. Inu muyenera kuonetsa kuti dzina lili pa intanetilo ndi lomwelo limene anthu amakudziwani nalo pa malonda. Muonetsenso kuti iye alibe gawo pa dzinalo, ndipo kuti adalitenga ndi kuligwiritsa ntchito mwachinyengo."

"Nanga akapezeka wolakwa amumanga?"

"Ayi, iwo samanga munthu ndipo salamula chipepeso. Mphamvu yawo ndi yolanda dzina n'kulipereka kwa mwini wake. Za chakudya choolacho mukanene kwa a zaumoyo lero lomwe, chifukwa chuku cha mtedza chimawononga chiwindi. Dandaulo lili ndi malipiro ake, konzekani. Koma choyamba, mundipezere umboni woti mudayamba kugulitsa ndi dzinali iye asadalilembetse."

Apa Susana adagwira njakata. Mapepala akale a gulu ena adakulungira zitumbuwa, ena adayatsira moto. Chotsala chidali buku la misonkhano lokha, momwe mudalembedwa tsiku limene adatuma Benjamini.

"Bukulo n'lofunika kwambiri, likuonetsa kuti adali wotumidwa chabe," adatero mayi Mbewe. "Nanga mabotolo akale? Simulembapo tsiku lopangira?"

Susana adaseka koyamba sabata imeneyo. Ku Dzoole botolo la chiponde silitayidwa. Likatha limasanduka la mchere, la soda, la mbewu za mpiru. Amayi adayenda khomo ndi khomo, ndipo zimene adatolera sizidali zoonetsa alendo. Lina lidali lakuda bii ndi mwaye, lina mudali fodya wa mphuno wa agogo ena, lina adalitola m'khola la nkhunda ndipo wolinyamula adachita kugwira ndi masamba. Koma atawapukuta, masiku adaoneka bwinobwino, ena a zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Adawajambula onse. Mwini golosale uja, ngakhale adali wokwiya, adalemba kalata yotsimikiza chaka chimene adayamba kugula kwa iwo. Mayi Mbewe adawathandiza kulemba dandaulo, ndipo sabata yomweyo adakaperekanso pempho lolembetsa chizindikiro chawo ku boma.

Benjamini atalandira dandaulolo adatuma mkazi wake. Tabita adafika maso ali psuu.

"Achemwali, mwafikadi pomutengera bambo wa ana anga kwa anthu achilendo? A zaumoyo atseka kale sitolo yake. Simukukhutira?"

"Tabita, chiponde chimenecho unkawapatsa ana ako?"

Tabita adayang'ana pansi. "Ayi. Kunyumba timadya chanu."

Susana adangomuyang'ana mng'ono wakeyo, ndipo chisoni chonse chimene adali nacho chidasanduka kunyansidwa. Anthu awa ankadziwa. Ankasankhira ana awo chabwino, n'kumatumizira ana a anzawo zoola, ndi dzina la amayi osalakwa pamwamba pake.

Patatha miyezi iwiri chigamulo chidabwera. Oweruza adati dzinalo ndi la gulu la Kamtedza, kuti Benjamini adangotumidwa, ndiponso kuti uthenga wake uja udaonetsa poyera cholinga chake choipa. Dzina lidasamutsidwa, ndipo ulendo uno lidalembedwa m'dzina la gulu, ndi imelo ya gulu, mawu achinsinsi otsegulira akusungidwa ndi amayi atatu. Amayi adalulutira mpaka mawu kusasa. A Kalebe sadabwere, ndipo Tabita adasiya kuyankha foni.

Koma chimwemwecho chidazirala Susana atakhala pansi ndi mayi Mbewe kuti aone mauthenga amene anthu ankatumiza ku imelo ya tsambalo. Adalipo ambirimbiri, ndipo Benjamini sadayankheko ndi umodzi womwe. Ena ankatukwana, ena ankafunsa mwaulemu kuti chasintha n'chiyani. Susana adaganiza zoyankha aliyense payekha, kufotokoza zimene zidachitika ndi kupepesa. Adatha masiku anayi akuchita zimenezi.

Uthenga umodzi udali wa mayi wina wa ku Lilongwe. Adalemba kuti ankathira chiponde cha Kamtedza m'phala la mwana wake wa chaka chimodzi, chifukwa a kusikelo adamuuza kuti mwanayo ngochepa thupi. Adasankha Kamtedza poti mayi ake omubala ankagula chomwecho. Mwanayo adatsegula m'mimba sabata yathunthu mpaka kugonekedwa m'chipatala.

Susana adamulembera zonse: za mlamu wake, za mabotolo, za chigamulo. Adamaliza ndi kunena kuti tsopano dzina labwerera kwa eni ake, ndipo gulu likufuna kumutumizira chiponde chenicheni kwaulere.

Yankho lidabwera m'mawa mwake, lalifupi.

"Ndamva, mayi, ndipo ndakukhulupirirani. Mwana adachira. Koma ndikangoona botolo lanu m'sitolo ndimamva fungo la m'chipatala muja. Musatumize."

Susana adawerenga uthengawo pamaso pa amayi onse.

Phunziro: Dzina la malonda anu ndi katundu ngati munda. Lilembetseni ku boma msanga, ndipo pa intaneti onetsetsani ndi maso anu kuti mwini wake walembedwa inuyo, ngakhale wotumidwayo akhale m'bale. Sungani umboni wa ntchito yanu. Wina akakulandani dzina, njira yodandaulira ilipo ndipo litha kubwezedwa, koma oweruza sangakubwezereni anthu amene adasiya kukukhulupirirani.