Dzanja la Amalume Likana Kupereka Nkhuku

Amalume a Kefasi anatuluka m'chipatala ndi dzanja lamwano. Mtsempha unaphulika m'mutu, ndipo adokotala anati magaziwo anawononga njira imene mbali ziwiri za ubongo zimauzirana zochita. Basi lamanja likamanga mabatani, lamanzere linkamasula. Akavala chipewa, ilo linkavula, ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

Chinkhoswe changa chitayandikira, achibale ku Mkanda anayamba manong'onong'o. "Tipeze nkhoswe ina, awa atichititsa manyazi." Ndinapsa mtima. Munthu amene anandilera mayi atamwalira, lero akakhale kumbuyo ngati mlendo? Ndinakana kwamtuwagalu.

Tsikulo zonse zinayenda bwino mpaka posinthana nkhuku. A Laston, nkhoswe ya mwamuna wanga Vincent, anapereka tambala. Amalume anatambasula lamanja ndi msoti, a Laston n'kulandira mwaulemu. Nthungululu zisanathe, lamanzere linatulukira n'kuutsomphola, tswii, n'kuubisa m'khwapa.

Anthu anaseka. Kachiwiri, chimodzimodzi. Kachitatu a Laston anakakamira miyendo, dzanja linakakamira mapiko, nthenga mbwee pa suti yobwereka.

Kuseka kunatha azakhali a Vincent ataimirira. Anamanga chitenje mwamphamvu. "Ngati mwana simukufuna kupereka, nenani. Minibasi yathu ikadali pamsewu."

Ukwati uthere pa nkhuku?

Amalume thukuta kamukamu, analikalipira dzanjalo ngati mbuzi yolowa m'dimba. "Iwe, ukundiyalutsa pa anthu!" Dzanja silinamve. Kenako anatembenukira kwa alendo.

"Pepani, akuchimuna. Ine ndavomera, pakamwa pavomera, lamanjali lavomera. Koma ili ndi limene linkamugwirira mkwatibwiyu, Stelia, kumbuyo kwa njinga kuti asagwe popita kusukulu. Palibe amene waliuza kuti wakula."

Ndinaiwala zoti mkwatibwi amayenera kuwerama mwamanyazi. Ndinadzuka pampando, n'kukagwada pambali pawo, n'kuligwira dzanjalo. Linasiya msoti, n'kundigwira pamkono.

A Laston anathamangitsa msoti wawo uja pansi pa mipando, azakhali aja anakhala pansi akupukuta m'maso, nthungululu zinayambiranso. Ine ndinalira mpaka zodzola zonse kusungunuka. Vincent atabwera kudzanditenga kuti tikavine, anayesa kumasula zala za amalume chimodzichimodzi, koma analephera. Tinavina atatu.